Momwe mungakulitsire masilinda a injini ndi kusankha mapisitoni oyenera

Ambiri amakulitsa masilinda pofuna mphamvu, koma mphamvu yochokera ku kukula kokhako ndi yochepa. Mwachitsanzo, injini ya Toyota 4A-GE ili ndi masilinda a mamilimita 81 m'mimba mwake, ndipo injini yonse ndi 1587cc. Mukakulitsa ndi mamilimita 0.50, imafika pa 1607cc basi. Phindu lenileni n'lakuti silinda imakhalanso yowongoka ndi yozungulira bwino, maring'i n'kumagwira khoma osadutsitsa mpweya.

Yambani ndi kuyeza. Tsukani buloko, muone ngati ilibe ming'alu, kenako yezani silinda iliyonse ndi bore gauge (chida choyezera kukula kwa bowo) kumtunda, pakati ndi kumunsi, m'litali ndi mopingasa. Silinda imatha kwambiri kumtunda, pomwe ring'i yoyamba imabwererapo; mukadutsitsa chikhadabo pamenepo mumva kamzere kotukuka. Yezetsaninso kunenepa kwa khoma la silinda ndi sonic tester (chida choyezera kunenepa kwa chitsulo ndi mafunde a phokoso), chifukwa kuseri kwake kumayenda madzi ndipo dzimbiri limadya kosaoneka. Khoma loonda silipirira turbo. Masilinda okutidwa ndi Nikasil (chokutira cholimba chopyapyala cha mkati mwa silinda) sakulitsidwa mwanjira imeneyi: amafuna kukutidwanso kapena kuikidwa masilivi (mapaipi achitsulo okhala ngati khoma latsopano la silinda).

Mukadziwa mmene yathera, tengani saizi yaing'ono imene ingachotse zokandika zonse. Nthawi zambiri masaizi amayenda mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00. Musathamangire yomaliza, chitsulo chikachoka sichibwerera.

Tsopano gulani mapisitoni, makina asanakhudze buloko. Apa m'pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Mapisitoni a cast (othiridwa m'chikombole) ndi a hypereutectic (a cast okhala ndi silicon wambiri) safutukuka kwambiri akatentha, motero amafuna mpata wochepa pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda ndipo sasokosa. Ndi abwino pa galimoto ya tsiku ndi tsiku, koma injini ikayamba kugogoda chifukwa cha mafuta kuphulika mosayenera, a hypereutectic amasweka msanga. A forged (osulidwa popanikiza mwamphamvu) alipo a mitundu iwiri yodziwika ya aluminiyamu, 4032 ndi 2618. A 4032 ali ndi silicon pafupifupi 12 peresenti, amafutukuka pang'ono ndipo amakhalitsa. A 2618 ali ndi silicon wochepa kwambiri, amapirira turbo yamphamvu ndi nitrous (mpweya wowonjezera mphamvu ya injini), koma amafuna mpata waukulu, ndiye m'mawa injini isanatenthe mudzawamva akugogoda. Ine ndimaona kuti wokonza galimoto yoyenda pamsewu asankhe 4032. A 2618 asiyireni ampikisano. Onaninso mutu wa pisitoni, kaya ndi wafulati, wolowa kapena wotukuka, chifukwa ndiwo umasintha compression (kupanikizika kwa mpweya m'silinda).

Perekani mapisitoniwo kwa wa makina pamodzi ndi pepala la wopanga. Iye ayeze pisitoni iliyonse pamalo olembedwa papepalapo, abowe n'kusiya pang'ono, amalize ndi honing (kupala mkati mwa silinda ndi miyala yonolera) kufikira mpata wofunikawo. Muumirire kuti amange torque plate (chitsulo chomangidwa pa buloko m'malo mwa hedi) pochita honing. Mabawuti a hedi akamangidwa amakoka buloko, ndipo silinda yozungulira bwino pa benchi imatha kupotoka hedi ikakhala.

Ikani ring'i iliyonse m'silinda yake, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale molunjika, muyeze mpata wa kumapeto kwake ndi feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mpata). Ukachepa, nsonga zimagundana zikatentha n'kuthyola mutu wa pisitoni. Injini ya turbo imafuna mpata wokulirapo, tsatirani zolemba za wopanga. Ngati mapisitoni atsopano akusiyana kulemera ndi akale, crankshaft ikabalansidwenso.

Musanamange, tsukani masilinda ndi madzi otentha a sopo ndi burashi. Pukutani ndi nsalu yoyera mpaka isamatulukenso yotuwa, kenako pakani oyilo nthawi yomweyo dzimbiri lisanagwire.