Momwe mungaonere tinyanga ta mbozi ndi maso anu

Ngati mumadzifunsa kuti kodi mbozi ili ndi tinyanga, eya ili nato, koma ndi tating'ono zedi ndipo sitili pamwamba pa mutu pomwe ambiri amayang'ana. Tili mmunsi pafupi ndi kamwa, kena uku kena uku, ndipo ndi timene imanunkhizira tsamba isanadye.

Pezani mbozi yaikulu yosalala, zaubweya ngati chiyabwe zisiyeni mungadzikande tsiku lonse. Muithyole ndi tsamba lake lomwe n'kuika m'kabotolo. Galasi lokulitsa zinthu kakhumi (10x) likwanira. Chenjerani ndi magalasi aja amagulitsa pa intaneti atalemba 60x, ambiri ndi pulasitiki chabe, mumangoona chifunga ndalama zitapita kale. Bola kalenzi kopanira pa kamera ya foni, n'kotchipa ndipo kamagwira.

Ntchito ili pa mutu. Mbozi ikangomva kukhudzidwa imapinda mutu n'kuubisa pansi, ine ndinalimbana nayo ndi kamtengo mpaka thukuta, iyo kumangodzipiringiza uku ikulavula zobiriwira, lenzi yonse kuda. Osaikakamiza. Ikani botololo mufuriji mphindi zochepa, osati mufiriza ayi ingafe, ikazizidwa imafooka ndipo mutha kuigoneka cham'mbali bwinobwino. Apo ayi dikirani iyambe kudya, mutu imatulutsa yokha. Walitsani tochi chakumbali. Muona timadontho m'mbali mwa mutu, kawirikawiri 6 mbali iliyonse, amenewo ndi maso. Tsikani pang'ono musanafike pa nsagwada, pali kachitsa kakafupi ka mfundo 3, kumapeto kwake kuli katsitsi. Kanyanga kaja ndi kameneko.

Zija zazitali zakuda zimagwedera pa mbozi ya gulugufe wa monarch zisakupusitseni, zamera pathupi osati pamutu. Chimodzimodzi champhanda chonunkha chija mbozi ya m'mandimu imatulutsa ikakwiya, n'chothamangitsira adani basi. Mbozi ina ili ndi nyanga imodzi yosongoka, koma kumeneko n'kumchira.

Ana a ziwala safuna galasi, tinyanga tawo timaonekeratu ngati ta makolo awo. Mphutsi za udzudzu ikani m'mbale yoyera ya madzi mutiona ndi galasi lija. Za ntchentche musadzivute, n'tochepetsetsa. Mukatha bwezerani mboziyo pa chomera munaitenga, zambiri sizidya tsamba la mtundu wina.