Musanatumize ndalama ya thirakitala ya pa intaneti, werengani kaye izi

Malonda a fodya akangoyamba ndalama n'kulowa mu akaunti, ambiri kuno ku Mzuzu, ku Rumphi, ku Mzimba mpaka anzathu a mpunga ku Karonga timayamba kulota thirakitala. Ndipo palibe cholakwika, aganyu akwera mtengo, thirakitala yobwereka nthawi yolima imakhala ndi mzere wautali mpaka mvula kukupeza munda usanathe. Ndiye munthu umatsegula foni n'kuona Massey Ferguson yofiira bwino pa Facebook, mtengo wake theka la womwe umamva mtauni muno, pansi alemba kuti okushoni ikutseka mawa. Anthu akulira nazo zimenezi abale anga, ndipo ndalama zake si zamasewera, ena ndi ngongole ya kubanki, ena ndi ndalama ya kalabu yonse ya alimi.

Okushoni ya pa intaneti yeniyeni ilipo, tisanamizane. Ritchie Bros ya ku Canada, Euro Auctions yomwe imagulitsa makina ku Leeds, Cheffins ya ku Cambridge, awa ndi makampani akale ndipo ali ndi mayadi oti munthu atha kupita kukaona katundu ndi maso. Vuto ndi loti akathyali amatha kutenga dzina la kampani yodziwika, chizindikiro chake, zithunzi zake, n'kupanga webusayiti yofanana ndendende, kungosintha chilembo chimodzi pa adiresi kapena kuwonjezera kamzere pakati. Pa foni yaing'ono simungazindikire msanga. Choncho link yomwe mwatumiziridwa pa WhatsApp kapena Messenger musaidalire, lembani nokha dzina la kampaniyo pa Google, mupeze nambala ya foni panokha, muimbe, mufunse ngati lot nambala yakuti, yomwe ndi nambala ya katunduyo pa malondawo, ilipodi pa okushoni yawo. Airtime ya mphindi zisanu yoimbira kunja ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni omwe mukufuna kutumiza. Adiresi ya webusayitiyo muiike pa WHOIS, malo ofufuzira mawebusayiti pa intaneti, imakuuzani tsiku lomwe inalembetsedwa, ndiye kampani yomwe ikunena kuti yakhala ikugulitsa kwa zaka 20 koma webusayiti yake ili ndi miyezi iwiri, basi tsekani. Ngati akuti ali ku UK, webusayiti ya Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, imaonetsa zaulere ngati kampaniyo inalembetsedwa, liti, komanso adiresi yake, ndipo adiresiyo muione pa Google Maps ngati pali yadi ya makina kapena ndi nyumba wamba.

Zithunzi nazo amaba. Ikani chithunzicho pa Google Lens, mukapeza thirakitala yomweyo, tayala lomwelo, mtengo womwewo kumbuyo, ikugulitsidwa ku Poland ndi ku Johannesburg nthawi imodzi, yankho mwalipeza.

Tsopano apa ndi pomwe ine ndimalimbikira kwambiri: thirakitala iyenera kuonedwa ikulira. Pemphani video call ya pompopompo, osati kavidiyo kotumiza. Muwauze alembe dzina lanu ndi deti ya lero papepala aike pa boneti, akuonetseni kachitsulo kolembedwa serial nambala moti muwerenge nokha, nambala imeneyo ndi yomwe iyenera kuoneka pa invoisi ndi pa mapepala a sitima. Agwire injini ndi dzanja kusonyeza kuti ndi yozizira kenako alize, chifukwa injini yotopa imadziulula m'mawa isanatenthe, utsi wa buluu ndiye kuti ikudya oilo. Akweze haidroliki kumbuyo, azungulitse PTO, shafti yakumbuyo yomwe imayendetsa zida, ayendetse kutsogolo ndi kumbuyo. Wotchi ya maola musaikhulupirire yokha poti imasinthidwa, onani mapedulo mmene aperesekera, mpando, ndi bowo la drawbar, chitsulo chokokera ngolo, thirakitala yolembedwa maola 1,500 koma bowo lake lakula ngati dzira ndiye kuti yagwira ntchito zaka zambiri kuposa zomwe akunena. Mukamaimba khalani ndi makaniko wanu pambali, amakaniko aku Luwinga amamva vuto la injini ndi khutu ngakhale pa foni. Wogulitsa akayamba zoti netiweki ikuvuta, kapena thirakitala ili kale kudoko sitingaifikire, kapena bwana wachokapo ndi makiyi, musiyeni. Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku UK, mutumizireni ya transipoti akaione, kapena lipirani munthu woyendera makina yemwe mwamupeza nokha, osati amene wogulitsa wakupatsani.

Nkhani ya malipiro ndiye pamene pamafera anthu. Tonse tikudziwa mmene forex ikuvutira, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kupeza dola kubanki ndi nkhondo, ndiye munthu akakuuza kuti musavutike ndi banki, tumizani kwa ejenti wathu pa Airtel Money kapena Mpamba ife tisintha tokha, zimamveka ngati wakuthandiza. Ayi ndithu. Kampani ya okushoni simalandira ndalama ya thirakitala pa Western Union, MoneyGram kapena bitcoin, ndipo simagwiritsa ntchito akaunti ya munthu. Lipirani kudzera kubanki yanu ndi invoisi ngakhale zitenge masabata, dzina la akaunti lifanane ndi dzina la kampani, dziko la banki lifanane ndi dziko lomwe kampaniyo ili. Kampani ya ku England akaunti ya dziko lina, funsani chifukwa chake ndipo musafunse pa imelo. Pali kaberedwe kena koopsa chifukwa kamagwira ngakhale munthu amene wagula pa okushoni yeniyeni, mbava zimalowa mu imelo n'kukutumizirani invoisi yooneka bwinobwino yonena kuti tasintha akaunti, lipirani ku iyi. Imbani pa nambala ija munaipeza nokha, muwerengerane manambala a akaunti imodziimodzi musanasaine fomu kubanki.

Ena amakunyengererani ndi escrow, akuti ndalama isungidwa ndi kampani yapakati mpaka katundu afike. Ngati kampani yapakatiyo wasankha ndi wogulitsa, ndi munthu yemweyo wavala malaya ena. Chimodzimodzinso uthenga woti amene anapambana walephera kulipira ndiye tikupatsani inu pa mtengo wanu koma mulipire lero kunja kwa webusayiti, umenewo ndi msampha wakalekale.

Muwerengere ndalama zonse musanabide. Pamwamba pa mtengo womwe mwapambanira pamabwera buyer's premium (ndalama yowonjezera yomwe kampani ya okushoni imalipiritsa wogula), ndalama yonyamulira kupita kudoko, sitima, zolipira padoko la Dar es Salaam, lole yobwera nayo kudzera pa Songwe n'kukwera Chiweta, ndi clearing agent, wokutulutsirani katundu ku kasitomu. Za msonkho pitani ku ofesi ya MRA konkuno ku Mzuzu mukafunse musanagule. Dziwaninso kuti pa okushoni katundu amagulitsidwa mmene alili, giyabokosi ikafa ikafika ku Ekwendeni palibe kubweza. Ndipo ganizirani ma sipeya, za Massey sizivuta kupeza, koma timathirakitala tina tating'ono ta ku Japan ngakhale timachita bwino m'madimba ndi m'minda ya mpunga, kachitsulo kamodzi kakathyoka mutha kudikira miyezi.

Akanena kuti katundu wakwera sitima, akupatseni bill of lading, chikalata cha kampani ya sitima chosonyeza kuti katunduyo wakwezedwadi. Ngati thirakitala ili mu kontena, nambala ya kontenayo imakhala ndi zilembo 4 ndi manambala 7, muilembe pa webusayiti ya kampani ya sitimayo monga Maersk kapena MSC, osati pa link ya tracking yomwe akupatsani iwo. Mukangoona ayamba kupempha tindalama tina tosatha, lero inshulansi, mawa satifiketi, mkuja chindapusa cha padoko chomwe akuti adzakubwezerani, imani pomwepo ngakhale mtima ukuwawa ndi zomwe mwatumiza kale, chifukwa sadzasiya kupempha.

Zakwathu konkuno zilipo nazonso. Munthu amalemba pa gulu la WhatsApp kuti pali thirakitala kapena kalole komwe kalandidwa pa boda kakugulitsidwa motchipa, tumizani deposit kuti tikusungireni. Songwe si kutali achimwene, kwerani basi mukaone, ndipo funsani ku ofesi ngati malondawo alengezedwadi. Kwa galimoto kapena lole yolembetsedwa kale m'dziko muno, pitani limodzi ndi mwiniwake ku Road Traffic, nambala ya chasisi ifanane ndi ya pa blue book, dzina lifanane ndi la pa chiphaso chake.

Ngati mwatumiza kale ndipo mwayamba kukayika, musachite manyazi n'kukhala chete. Thamangirani kubanki tsiku lomwelo mukapemphe kuti ayese kuitanitsa ndalamayo isanatapidwe, maola ndi ofunika kwambiri apa. Kenako kupolisi, mutatenga ma screenshot onse, manambala a foni, invoisi ndi risiti, musafufute kalikonse. Patapita masiku mutha kulandira foni ya munthu wonena kuti ndi loya kapena wapolisi wakunja ndipo akhoza kukubwezerani ndalama zanu mukalipira kangachepe, ameneyo musamutumizire ngakhale 1 tambala, nthawi zambiri amakhala a gulu lomwe lija, nambala yake ipititseni kupolisi pamodzi ndi zinazo.