Mmene Mungasankhire ndi Kusamalira Mpeni Wopinda wa Chitsulo Chatsopano

Ambiri a ife kuno ku Chipata tinakula tikudziwa mpeni umodzi wopinda, wa Okapi, umene agogo ankasendera nzimbe, kusongolera zikhomo za khola ndi kusendera mbuzi pa tsiku la ukwati. Chitsulo chake cha kaboni chimanoleka pa mwala uliwonse wa pabwalo, koma mukauiwala m'thumba mutadulira mango mu Disembala, kukacha mumaupeza uli ndi mawanga a dzimbiri. Masiku ano operekeza alendo ku Mfuwe, alimi a ku Katete ndi anyamata a m'tauni akuona pa intaneti mipeni ina yopinda, yopangidwa yowerengeka chabe, yolembedwa mayina a zitsulo ngati MagnaCut, M390 ndi S35VN. Kampani yopanga mipeni ya Spyderco ya ku Golden, m'chigawo cha Colorado ku America, imatcha mipeni yotere Sprint Run: imatenga mpeni wodziwika kale, n'kuupanga ndi chitsulo china kapena chogwirira cha mtundu wina, ndipo ikatha yatha. Mantha oti mipeniyo itha ndi amene amachititsa munthu kutulutsa ndalama asanadzifunse ngati chitsulocho chikuyenerana ndi ntchito yake komanso mwala wonolera umene ali nawo kunyumba.

Yambani ndi kudziwa kuti pa chitsulo cha mpeni timafunapo zinthu zitatu zimene zimakokanakokana: kukhalitsa chili chakuthwa, kusabenthuka chikagunda cholimba, ndi kukana dzimbiri. Chimene chimateteza chitsulo ku dzimbiri ndi chromium, ndipo chitsulo chimayamba kuwerengedwa kuti n'chosachita dzimbiri chikakhala ndi chromium yosachepera 10.5 peresenti. Chimene chimachititsa mpeni kuchedwa kubuntha ndi timibulu tolimba kwambiri totchedwa carbide, timene timapangika kaboni akagwirana ndi zitsulo zina. Vuto lake nali: kaboni akachuluka amagwira chromium yambiri n'kuitsekera m'timibulu timeneto, moti yotsala yoteteza mpeni imachepa, ndipo timibulu ta chromium timakula mpaka kukhala poyambira mng'alu. N'chifukwa chake chitsulo cha D2, chimene chili pa mipeni yambiri yotsika mtengo, chimachitabe dzimbiri ngakhale chili ndi chromium pafupifupi 12 peresenti.

Zitsulo zatsopanozi sazithira m'chikombole chachikulu monga kale. Amazisungunula, n'kuziwaza ndi mpweya kuti ziume ngati ufa wosalala, kenaka amaupanikiza ufawo pa moto waukulu mpaka ukhale chitsulo chimodzi, ndipo potero timibulu tija timakhala ting'onoting'ono ndi tomwazika mofanana. Kampani ya Crucible ya ku Syracuse, New York, inatulutsa S30V mu 2001 ndi S35VN mu 2009 mwa njira imeneyi. M390 ya kampani ya Böhler ya ku Austria ili ndi kaboni 1.9 peresenti ndi chromium 20 peresenti. Imakhalitsa kuthwa ndipo imakana dzimbiri bwino, koma sipirira kupotokola kapena kugunda fupa.

Chitsulo chimene ndikufuna kukhalitsapo ndi MagnaCut, chifukwa ndicho chikulembedwa pa mipeni yambiri yowerengeka ya zaka zino. Anachikonza ndi katswiri wa zitsulo Larrin Thomas, ndipo Crucible inachitulutsa mu 2021. Iye anachita zosiyana ndi zimene ambiri ankayembekezera: m'malo mowonjezera chromium, anaichepetsa kufika pa 10.7 peresenti, n'kuika kaboni 1.15 peresenti, vanadium 4 peresenti, niobium 2 peresenti, molybdenum 2 peresenti ndi nitrogen pang'ono. Muyeso umenewu unalinganizidwa kuti chitsulo chikawotchedwa bwino, kaboni agwirane ndi vanadium ndi niobium, ndipo chromium itsale yomasuka kugwira ntchito yake yoletsa dzimbiri. Zotsatira zake n'zakuti chitsulo chokhala ndi chromium yochepa chimakana dzimbiri kuposa zina zokhala ndi 14 peresenti, komanso sichibenthuka msanga. Sichiposa M390 pa kukhalitsa kuthwa, ndipo wogulitsa amene angakuuzeni kuti chimaposa zitsulo zonse pa chilichonse musamumvere. Ubwino wake ndi wakuti pa zitatu zija palibe pamene chili chofooka, ndipo kwa ife amene timakhala ndi mvula kuchokera mu Novembala mpaka mu Epulo, mpeni uli m'thumba lonyowa ndi thukuta, chimenecho ndi chachikulu.

Tsopano yang'anani ntchito yanu ya sabata yonse. Ngati mumagwira ku depoti kapena m'sitolo, kumene tsiku lonse ndi kumasula matumba a chimanga ndi feteleza, kudula zingwe ndi makatoni, M390 kapena S35VN idzakuthandizani, popeza zinthu zimenezi zimabunthitsa mpeni mwa kupala ndipo sizimaugunda. Ngati mumapita kumunda ndi kudimba, kudula timitengo, kusenda nyama ndi kudutsa m'mfundo za mafupa, sankhani MagnaCut. Ndipo ndinene mosabisa kuti kwa munthu amene alibe mwala wonolera wa dayamondi, chitsulo cha 14C28N cha ku Sweden, chimene si chatsopano ndipo si chodula, n'chanzeru kuposa zonsezi: chimabuntha msanga pang'ono, koma sichibenthuka msanga, sichichita dzimbiri wamba, ndipo chimabwerera kuthwa pa mwala wa masiku onse m'mphindi zochepa.

Dzina la chitsulo ndi theka chabe la nkhani. Aliyense amene anaonapo osula akuviika nkhwangwa yofiira m'madzi amadziwa kuti chitsulo chimodzimodzi chingatuluke chabwino kapena chachabe malinga ndi kawotchedwe ndi kaziziritsidwe kake. Kulimba kwa mpeni kumayezedwa ndi nambala yotchedwa HRC, imene imakwera chitsulo chikamalimba, ndipo MagnaCut ya mpeni wopinda kawirikawiri imakhala pakati pa 60 ndi 64. Musanagule, funani nambala imeneyi pa zimene wopanga walemba. Amene amalengeza dzina la chitsulo ndi zilembo zazikulu koma osatchula kulimba kwake, ine ndimamukayikira. Ndimakondanso kudikira kuti anthu oyamba kugula augwiritse ntchito miyezi ingapo, makamaka ngati kampaniyo ikugwiritsa ntchito chitsulocho koyamba, ngakhale ndikudziwa kuti kudikira koteroko nthawi zina kumatanthauza kuupeza utatha.

Mipeni yachinyengo ndi yambiri, ndipo inandipweteka ine mwini. Ndinagula kwa munthu wina wa pa intaneti mpeni wolembedwa S35VN pa mtengo umene ndinkauona ngati mwayi. Unafika uli wonyezimira, m'kabokosi kokongola, koma nditadula zingwe za matumba osakwana khumi a nshawa unayamba kuterereka pa chingwe ngati supuni, ndipo nditauika pa mwala wamba chitsulo chinkachoka mofewa ngati sopo. Kulemba dzina pa chitsulo sikuvuta aliyense. Mpeni weniweni wa zitsulo zimenezi kawirikawiri umapitirira madola 100 usananyamuke kumene ukuchokera, ndipo pamwamba pake muwerengerepo ndalama yotumizira ndi msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia. Gulani kwa wopanga mwiniwake kapena kwa ogulitsa amene iye wawatchula pa tsamba lake, yerekezerani kalembedwe ka zilembo ndi malo a timasikuluwu ndi zithunzi zake, ndipo ngati m'bale akukubweretserani pa ndege, mpeniwo ulowe m'chikwama chachikulu chopita kunsi, osati cha m'manja.

Mpeni ukafika, nkhani imakhala ya kunola. Timibulu ta vanadium n'tolimba kuposa mwala wonolera umene timagula m'masitolo a ku Down Shops, moti mwalawo umavutika kutidula ndipo ntchito imatenga nthawi yaitali. Gulani kachitsulo konolera ka dayamondi ka mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala. Pakani inki ya cholembera chakuda pa kamzere konse kakuthwa, gonekani mpeni pa dayamondi moupendeketsa madigiri 15 mpaka 20, ndipo muukoke kawiri kapena katatu mosakanikiza. Mukayang'ana, inki idzakuuzani zoona: ikachoka kumtunda kokha ndiye kuti mwaugoneka kwambiri, ikachoka kumapeto kwenikweni kokha mwauimika kwambiri, ikachoka pa kamzere konse mwapeza. Pitirizani mbali imodzi kufikira chala chachikulu, pochiyendetsa mosamala kuchokera kumsana kutsikira kokuthwa, chimve kawaya kopyapyala katapindikira mbali inayo kuyambira kuchogwirira mpaka kunsonga. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi, kenaka pitani ku mbali yosalala ya dayamondi mukuchepetsa mphamvu, ndipo malizani ndi kuukoka chobwerera m'mbuyo pa lamba wakale wachikopa mpaka kawayako kachoke. Mpeni wotere musaupereke kwa onola zikwanje ndi makina a magetsi pa msika. Makinawo amatenthetsa kamzere kopyapyala kaja m'kanthawi kochepa, ndipo mukaona chitsulo chasanduka chabuluu kapena chofiirira, kulimba kumene munalipirira kwachoka pamalopo.

Kusachita dzimbiri sikutanthauza kuti mpeni suyenera kutsukidwa. Mukadula mango, tomato, mandimu kapena nyama yothira mchere, utsukeni ndi madzi ndi sopo, muupukute, ndi kuusiya wotsegula kuti mkati muume, pakuti timasikuluwu ndi tizitsulo ta m'chogwirira nthawi zambiri si ta chitsulo chapamwamba chija. M'nyengo ya fumbi, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mchenga umalowa popindikira ndipo mumaumva ukukukuta potsegula. Utulutseni ndi mswachi wakale, ndipo mudonthezepo dontho limodzi lokha la mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira musawaike pamenepo, chifukwa amauma n'kukhala ngati ulimbo. Timasikuluwu ta mipeni yambiri yotere timafuna zomasulira za nsonga yonga nyenyezi zotchedwa Torx, makamaka za saizi ya T6 ndi T8, choncho muziitanitse pamodzi ndi mpeni, ndipo pomasula yalani nsalu yoyera patebulo, popeza kasikuluwu ka mpeni wopangidwa wowerengeka kakagwera m'fumbi la pakhonde, simudzakapeza m'sitolo iliyonse kuchokera ku Kapata mpaka ku Lusaka.