Momwe mungamvetsere bwino makwateti akale muli ku Kasungu

Kwateti ya nsambo ndi anthu anayi: awiri oyimba vayolini, mmodzi viola (yonga vayolini koma yokulirapo), wina cello (yaikulu kuposa zonsezi, ya mawu otsika). Ngati munayimbapo kwaya kutchalitchi, nkhaniyi mukuidziwa kale, pakuti mawu anayiwa amagawana ntchito ngati sopulano, alto, tenala ndi besi, ndipo nyimbo imakoma khutu likamatha kutsata aliyense payekha. Pa zojambula zakale, ambiri amadandaula za kuthetheka kwa mbale za galamafoni. Koma chimene chimawononga kwenikweni n'chakuti viola ndi cello zimasowa, n'kutsala vayolini yoyamba ikulira yokha. Zonse zimene zili m'munsimu cholinga chake ndi kubweza mawu awiri apansiwo.

Yambani ndi chaka chimene nyimboyo inajambulidwa, osati chaka chimene CD kapena fayilo inatuluka. Chaka cha 1925 chisanafike kunalibe maikolofoni mu situdiyo. Oyimba ankaunjikana kutsogolo kwa chilipenga chachikulu, ndipo mawu okha ndiwo ankakankha singano yolemba pa phula. Njira imeneyi inkagwira mawu apakati okha, kuyambira cha m'ma 250 Hz kufika cha m'ma 2,500 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu: nambala ikachepa, mawuwo ndi otsika). Nsambo yotsikitsitsa ya cello imalira pa 65 Hz, ya viola pa 131 Hz, choncho m'mbale za nthawi imeneyo, monga zoyambirira za Flonzaley Quartet, pansi pake palibe. Musavutike kukweza besi. Simungakweze chinthu chimene sichinalembedwe.

Kuyambira 1925 anayamba kujambula ndi magetsi, ndipo apa mpomwe pali chuma. Capet Quartet ya ku Paris inajambula mu 1927 ndi 1928. Pro Arte Quartet inajambula makwateti ambiri opekedwa ndi Haydn m'zaka za m'ma 1930. Busch Quartet inajambula makwateti omaliza a Beethoven ku London, Op. 131 (Op. ndi nambala ya nyimbo pa mndandanda wa wopeka) mu 1936 ndi Op. 132 mu 1937, kenako Op. 130 ku New York mu 1941. Zonsezi zinali pa mbale zozungulira ka 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkangotenga mphindi zinayi kapena zisanu. Mbale ya LP, yotenga nyimbo yaitali pa mbali imodzi, inabwera mu 1948, sitiriyo (mawu ogawidwa ku masipika awiri) pa LP mu 1958. Zojambula za pakati apa, monga Beethoven wa Végh Quartet wa 1952 ndi wa Hungarian Quartet wa 1953, ndi za mono (mawu onse m'njira imodzi, osagawidwa) koma zoyera ndithu. Kwa woyamba kumene, ndi pabwino kuyambira.

Nyimbo imodzimodzi ya 1936 mukhoza kuipeza m'makope anayi kapena asanu, ndipo samveka mofanana. Kusiyana kumabwera ndi munthu amene anaisamutsa kuchoka pa mbale ya 78. Ena amasefa phokoso mpaka kupha nyimbo. Chizindikiro chake n'chosavuta kumva: kumbuyo kuli zii, koma vayolini ikumveka ngati ili m'madzi, ndipo mawu akamatha amadukiza m'malo mozirala pang'onopang'ono. Kope labwino limasiya "siii" wapansipansi amene sasintha, ndipo khutu limamuiwala pakangopita mphindi ziwiri. Pamenepo mumamva uta ukugwira nsambo, ngakhale kupuma kwa woyimba. Mukaona dzina la Ward Marston kapena Mark Obert-Thorn pachikuto, kapena kampani ngati Biddulph, Pearl ndi Testament, kawirikawiri ntchitoyo inagwiridwa mosamala. Pewani ma LP a m'ma 1960 olembedwa kuti nyimbo ya mono aisandutsa sitiriyo ndi makina. Ankangoponya mawu okwera ku sipika imodzi, otsika ku inzake, n'kuthirapo kamkokomo, ndipo anthu anayi aja amasanduka chiphala.

Poyesa kope, gwiritsani ntchito chiyambi cha Op. 131. Vayolini yoyamba imayamba yokha, yachiwiri n'kulowa, kenako viola, pomaliza cello. Ngati pa kulowa kwachinayiko simukumva kuti pansi palemera, vuto lili pa kope kapena pa sipika yanu.

Tsopano za fayilo, popeza ambiri kuno timamvera pa foni. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps imadya 2.4 MB. Op. 131 ndi ya mphindi pafupifupi 40, ndiye ya 320 ikudyerani bandulo yosakwana 100 MB. Lipirani imeneyo, kapena FLAC, fayilo yosataya kalikonse ka mawu, ngati mungathe. Zojambula zakale zimavutika kwambiri ndi fayilo yopanikizidwa kuposa zatsopano, chifukwa makina opanikizira amalephera kusiyanitsa "siii" uja ndi nyimbo, ndipo phokoso limene linali lokhazikika limayamba kuwinduka ngati kamphepo kolowa pazenera. Koperani kamodzi pa nthawi imene netiweki ili bwino, musunge pa memori khadi. Mnzanu akamakutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati dokyumenti kuti fayilo ifike momwe ilili.

Sipika ya foni iiwaleni, cello siitulukamo. Mahedifoni a waya, ngakhale otsika mtengo a pamsika wa pa boma, amachita bwino kuposa pamenepo, kungoti amaika phokoso la mbale m'kati mwenimweni mwa mutu. Kwa mbale za 78, sipika imodzi yabwino m'chipinda imaposa mahedifoni. Koma masipika ambiri ogulitsidwa m'mashopu anakonzedwera nyimbo zovina: besi yofufuma, pamwamba pakuthwa, pakati pobooka. Pakati pobookapo mpamene pamakhala viola. Zimitsani batani lililonse lokweza besi, ndipo ngati pali subwoofer, sipika ya besi yokha, itsitseni kwambiri. Pa equalizer, pokwezera ndi kutsitsira mawu otsika, apakati ndi okwera paokhapaokha, yambani zonse zili pa 0. Kwezani 2 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu) pakati pa 125 ndi 250 Hz, mutsitse 3 dB pa 8 kHz (8,000 Hz) ndi kumtunda kwake. Musakhudze 2 mpaka 4 kHz ngakhale vayolini ikubaya pang'ono, chifukwa mukatsitsa pamenepo oyimba amamveka ngati ali kuseri kwa chitseko.

Chipinda nachonso ndi mbali ya chipangizo. Nyumba ya simenti pansi, zipupa zopanda kanthu ndi malata opanda siling'i imabweza mawu okwera, vayolini n'kumalasa m'makutu. Yalani mkeka kapena kapeti pakati pa inu ndi sipika, mutseke makatani. Sipika ikhale pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, masentimita 30 mpaka 50 kuchoka kukhoma, inu mamita awiri kuchoka pa iyo. Isakhale pakona, pamenepo cello imangoti "buu" osadziwika noti. Pa sitiriyo yoyambirira, ya 1958 mpaka cha m'ma 1965, akatswiri ena ankatayanitsa oyimba kwambiri, wina kumanzere kwenikweni wina kumanja kwenikweni. Yandikizani masipika awiriwo mpaka mita imodzi ndi theka kuti pakati padzaze. Mvula ikamagunda malata mu Januwale, dikirani ikate. Mukakweza voliyumu kuti mupose mvula, malo ofuula adzang'aluka. Voliyumu muiyese pa malo ofuula kwambiri a nyimboyo, kenako muisiye.

Zikatere, mverani kayimbidwe, ndipo apa musafulumire kuweruza. Mudzamva chala chikutsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa inzake, makamaka kwa Capet ndi kwa Léner Quartet. Si kulakwa, ndi mmene ankayimbira mwadala nthawi imeneyo, ndipo kutsetserekako kumasonyeza noti imene woyimba akufuna muimvetsetse. Kunjenjemeretsa chala kunali kochepa poyerekeza ndi oyimba a m'ma 1970. Nsambo zambiri zinali za matumbo a nkhosa, n'chifukwa chake mawu ndi ofunda koma osafuula. Liwiro limasinthasintha m'kati mwa gawo limodzi, kuthamanga pamene nyimbo yatentha, kubwerera pamene yafatsa. Malo amene wopeka analemba kuti abwerezedwe nthawi zambiri ankawadumpha kuti nyimbo ikwane pa mbale.

Chinanso: pa phula sankatha kudula n'kulumikiza. Mbali yonse ya mphindi zinayi inkayimbidwa ulendo umodzi, wina akalakwitsa kwambiri ankayambiranso pa phula latsopano. Choncho noti yophonya pang'ono mudzaimva, koma mudzamvanso anthu anayi akumverana zenizeni. Gawo lachitatu la Op. 132, loyenda pang'onopang'ono, limapitirira mphindi 15, kutanthauza kuti a Busch ankaima kangapo m'kati mwake kudikira phula lina. Mvetserani mmene akuyambiranso ndi mpweya womwewo. Ngati pa malo olumikizawo nyimbo yakwera kapena kutsika pang'ono, wolakwa ndi wosamutsa uja amene sanafananitse liwiro la mbali ziwirizo. Kusintha liwiro ndi 6 peresenti kumasuntha nyimbo theka la noti, ndipo si mbale zonse zolembedwa 78 zimene zinadulidwa pa 78 yeniyeni.

Zojambula za sitiriyo monga Beethoven wa Quartetto Italiano, wa 1967 mpaka 1975, zimamveka zoyera ndi zonona, ndipo n'zabwino. Koma muziike pambali pa za Busch, gawo lomwelo, tsiku lomwelo. Ambiri amapeza kuti yakaleyo ndi imene imawagwira mtima, ngakhale ili ndi phokoso.

Kwa amene mwapeza mbale zenizeni, mwina za agogo kapena za ku mishoni, pali zoyenera kusamala. Singano ya LP ndi yopyapyala, 0.7 mil (mil ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi), pamene mzere wa mbale ya 78 umafuna ya 2.5 mpaka 3 mil. Mukaika yopyapyala pa 78, imagwera pansi pa mzere n'kumakokolola fumbi lokhalokha. Mbale ya 78 musaipukute ndi sipiriti, imasungunuka. Tsukani ndi madzi aja othira mu batire ya galimoto, opanda asidi, ndi kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya, mozungulira kutsata mizere, osanyowetsa pepala lapakati. Madzi a pamjigo amasiya mchere m'mizere akauma. Sungani mbale choimika, m'zikuto zake, kutali ndi zenera ndi denga. Kutentha kwa Okutobala kumapinda LP imene yagonekedwa mopendekeka, ndipo fumbi la m'chilimwe limadya singano.

Galamafoni ikalumikizidwa pa bowo la AUX la ampulifaya n'kumamveka motsika ndi mopanda besi, ikufunika kabokosi ka phono pakati, chifukwa LP imadulidwa besi itachepetsedwa dala ndipo kabokosiko ndiko kamaibwezera. Kulira kwa "mmm" kosalekeza ndi magetsi athu a 50 Hz: mangani kawaya kakang'ono ka galamafoni pa sikuluwu yake kumbuyo kwa ampulifaya. Invetala zotsika mtengo za sola zimawonjezera kulira kwina kwa "zzz" kumene wayayo sangachotse, ndipo pamenepo ndi bwino kumvera pa chipangizo cha batire. Galamafoni yochokera ku America yokhala ndi mota yodalira magetsi a 60 Hz imazungulira pang'onopang'ono kuno, magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a liwiro lake, nyimbo n'kutsika pafupifupi noti imodzi ndi theka. Imeneyo imafuna kusintha kagudumu ka pa mota.

Ngati galamafoni yanu ilibe liwiro la 78, ikani singano yoyenera, muyimbe mbaleyo pa 45, mujambule mu kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya Audacity, kenako muchulukitse liwiro ndi 1.733. Phatikizani mbali ziwiri za sitiriyo zikhale mono, phokoso lina limafa lokha pamenepo. Kuthetheka kwakukulu chotsani kumodzikumodzi, koma chosefera phokoso musachipitirize 6 dB, ndipo sungani kope losakhudzidwa musanayambe kusefa.