Kuchepetsa mabere popopa mafuta: oyenera ndani, ndipo amachita bwanji

Liposuction, njira yopopa mafuta m'thupi ndi kachubu, imachotsa mafuta okha. Siichotsa minofu yopanga mkaka, komanso siidula khungu lotsala. Choncho chachikulu ndi kudziwa ngati bere lanu ndi loyenera njirayi.

Imayenda bwino kwa amayi amene mabere awo ali ndi mafuta ambiri, makamaka amene anasiya kusamba, bola khungu likhale lotha kubwerera ndipo nsonga ya bere isakhale yotsika kwambiri. Bere la mtsikana nthawi zambiri limakhala la mnofu wolimba, moti makina sakoka zambiri. Bere lakugwa kale mukalipopa limangosanduka thumba lopanda kanthu, ndipo lotere limafuna opaleshoni yodula. Amene khungu lawo limachita zipsera zotupa za keloid, vuto lofala pakati pa anthu akuda, amapindula chifukwa mabala a njira yopopayi ndi aang'ono.

Musanapite, unikitsani mabere ndi mammogram (X-ray ya mabere) kapena ultrasound (sikani), kuti chotupa chilichonse chidziwike chisanasokonezedwe. Siyani fodya kwa masabata 4 kapena kuposerapo, ndipo muuzeni dokotala ngati mumamwa aspirin, ibuprofen kapena warfarin, chifukwa amachititsa kuti magazi asagwirane msanga.

Dokotala, amene ayenera kukhala katswiri wa plastic surgery (maopaleshoni okonza maonekedwe a thupi), amalemba zizindikiro pa bere mutaimirira, popeza mukagona limasintha maonekedwe. Kenako amaboola timabala ta mamilimita ochepa m'khwinya la pansi pa bere ndi cham'mbali kufupi ndi kukhwapa. Amathiramo madzi amchere osakaniza ndi lidocaine wochititsa dzanzi ndi adrenaline wofinya mitsempha ya magazi, njira imene dokotala Jeffrey Klein wa ku California ku America anaifalitsa mu 1987. Mu lita imodzi mumakhala adrenaline 1 mg, ndipo lidocaine yense ambiri samupitiriza 35 mg pa kilogalamu ya thupi. Amadikira mphindi 10 mpaka 20, khungu liyambe kutuwa. Wopupuluma apa amakoka magazi m'malo mwa mafuta.

Popopa amagwiritsa ntchito kachubu kachitsulo kobuntha ka mamilimita 3 kapena 4, akukayendetsa motsatana ndi chifuwa. Kakaloza pansi kangadutse pakati pa nthiti n'kuboola mapapo. Amasiya mafuta pang'ono pansi pa khungu kuti pasachite mabampu, sapopa kwambiri kumtunda kwa bere kuti pasaphwe, ndipo amayeza zotuluka mbali iliyonse m'botolo lakelake.

Mukatuluka, valani bra yothina usana ndi usiku kwa masabata 4 mpaka 6. Timabala timatuluka madzi ofiirira masiku oyamba, zimenezo n'zachibadwa. Yendani pang'onopang'ono tsiku lomwelo kuti magazi asaundane m'miyendo. Lidocaine amachuluka m'magazi patapita maola pafupifupi 12, muli kale kunyumba: mukamva dzanzi m'milomo, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kulira m'makutu kapena chizungulire, thamangirani kuchipatala. Chitaninso chimodzimodzi bere limodzi likatupa mwadzidzidzi n'kulimba, mukatentha thupi kapena mukamabanika.

Kutupa ndi timibulu tolimba zimatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti zithe, ndipo bere limachepa ndi saizi ya bra imodzi kapena ziwiri, osati kuposa pamenepo kwenikweni. Zikatha, jambulitsaninso mammogram, chifukwa mafuta amene anafa amasiya timadontho ta calcium timene owunika ayenera kutidziwa poyerekeza ndi zithunzi zam'tsogolo. Mukanenepa, mafuta otsalawo amakulanso.