Momwe mungapangire launcher yanuyanu ya foni ya Android

Launcher ndi pulogalamu imene imakulandirani mukangotsegula foni. Ndiyo imandandalika tizithunzi ta mapulogalamu pa sikirini, ndiponso ndi kumene mumabwerera mukadina batani la Home. Pa Android, launcher ndi pulogalamu wamba ngati ina iliyonse, choncho munthu akhoza kulemba yake n'kuiika m'malo mwa imene inabwera ndi foni, chinthu chimene Apple salola pa iPhone. Ine ndinalemba yanga chifukwa ndinkafuna tizithunzi tikulutikulu m'mizere yochepa, komanso mwayi wobisa mapulogalamu amene sindiwagwiritsa ntchito koma foni imakana kuwafufuta.

Yambani ndi kuika Android Studio, pulogalamu yolembera mapulogalamu a Android, pa kompyuta. Ndi yaulere, koma imadya memory yambiri, ndipo pa kompyuta yofooka mudzathera nthawi yochuluka mukudikira kuposa polemba. Tsegulani project yatsopano ya Kotlin, chilankhulo chimene Google inalengeza mu 2019 kuti ndicho choyamba pa Android. Pa foni yoyesera, lowani mu Settings n'kudina Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options ioneke, kenaka yatsani USB debugging. Ngati kompyuta sikuiona foniyo, yambani mwakayikira chingwe musanakayikire china chilichonse, pakuti zingwe zambiri zotchipa zimene ogulitsa amalumbirira kuti n'zenizeni zimangotchaja basi, zilibe mawaya otumizira data.

Chimene chimasandutsa pulogalamu kukhala launcher n'chaching'ono modabwitsa. Mu fayilo ya AndroidManifest.xml (manifest, imene imafotokozera Android za pulogalamu yanu), pansi pa activity yanu yaikulu, yomwe ndi tsamba lalikulu la pulogalamuyo, ikani intent-filter yokhala ndi action ya MAIN pamodzi ndi ma category awiri, HOME ndi DEFAULT. Zikatero, mukadina Home, Android imaiwerengera pulogalamu yanu pakati pa zimene zingakhale tsamba loyamba la foni. Ikaninso launchMode kukhala singleTask kuti tsambalo lisamatsegukenso pamwamba pa linzake, ndipo mu theme yatsani windowShowWallpaper n'kuchotsa mtundu wakumbuyo kuti chithunzi cha mwini foni chizionekera.

Chotsatira ndi kupeza mndandanda wa mapulogalamu onse amene ali m'foni, ndipo apa ndi pamene ndinapunthwa. Njira yake ndi kufunsa PackageManager, gawo la Android limene limadziwa mapulogalamu a m'foni, kudzera mu queryIntentActivities, pogwiritsa ntchito intent ya MAIN ndi category ya LAUNCHER. Yankho limabwera ndi dzina la pulogalamu iliyonse ndi kachithunzi kake, zomwe mumazindandalika m'mizere pa sikirini pogwiritsa ntchito RecyclerView yokhala ndi GridLayoutManager. Ndinachita zonsezi, ndinayesa pa emulator (foni yoyerekezera ya pa kompyuta) imene inali ndi Android 10, ndipo mapulogalamu onse anaoneka bwinobwino. Mosangalala ndinaika launcher ija pa foni yanga ya tsiku ndi tsiku, imene ili ndi Android yatsopano, ndipo itandifunsa ndinasankha kuti ikhale yokhazikika. Pa sikirini panaoneka tizithunzi tochepa kwambiri, kwinako kuli mbee, ndipo mapulogalamu onse amene ndinaika ndekha anasowa. Kudina Home kunkangondibwezera pa tsamba lomwelo lopanda kanthu. Ndinapulumukira kukokera pansi gawo la mauthenga la pamwamba pa sikirini n'kudina kachizindikiro ka Settings, kumene ndinabwezeretsa launcher yakale pa Default apps.

Ndinatha madzulo awiri ndikusanthula code imene inalibe vuto lililonse, chifukwa panalibe uthenga uliwonse wosonyeza cholakwa, mndandanda unkangobwera waufupi. Gwero lake linali lamulo limene linabwera ndi Android 11 mu 2020. Kuyambira pamenepo, pulogalamu imene targetSdk yake (nambala ya mtundu wa Android umene inakonzedwera) ndi 30 kapena kuposerapo siloledwa kuona mapulogalamu ena onse a m'foni pokhapokha itanena mu manifest kuti ikufuna kuona ati. Google inachita izi chifukwa mndandanda wa mapulogalamu umaulula zambiri za moyo wa munthu, monga banki imene amasungako ndalama kapena matenda amene akulimbana nawo, ndipo mapulogalamu ena ankatolera zimenezi mwakachetechete. Emulator yanga inali yakale kuposa lamulolo, n'chifukwa chake sinandichenjeze.

Kukonza kwake ndi mizere yowerengeka. Mu manifest, kunja kwa gawo la application, onjezani gawo la queries, ndipo m'kati mwake muike intent yokhala ndi action ya MAIN ndi category ya LAUNCHER, yofanana ndendende ndi imene mukufunsira mu code. Onetsetsani kuti mwaliika pamalo oyenera, chifukwa ine ulendo woyamba ndinalilowetsa m'kati mwa application n'kutayanso nthawi ina. Pa intaneti mudzapeza anthu ambiri akulangiza njira yachidule yopempha chilolezo cha QUERY_ALL_PACKAGES. Imagwiradi ntchito, koma Google Play imachiyang'anitsitsa chilolezo chimenechi ndipo imafuna kuti mufotokoze chifukwa chake mukuchifuna, pamene queries imakwanira pa ntchito ya launcher popanda kufunsidwa zambiri. Kuchokera tsiku limenelo ndimayesa pa ma emulator awiri, wakale ndi watsopano, ndipo sindisankha launcher yosamalizidwa kukhala yokhazikika pa foni imene ndimadalira. Zikavuta kwambiri, lamulo la adb uninstall lotsatiridwa ndi dzina la package, mukalilemba pa kompyuta yolumikizidwa ndi foniyo, limaichotsa launcher m'foni.

Mndandanda ukaoneka, musakweze tizithunzi pa thread yaikulu, imene imajambula sikirini ndi kuyankha kukhudza kwa munthu, chifukwa foni ya mapulogalamu ambiri imayamba kuuma, ndipo ikakhala masekondi 5 osayankha kukhudza kwa munthu, Android imaonetsa uthenga woti pulogalamu sikuyankha. Gwiritsani ntchito ma coroutine, njira ya Kotlin yochitira ntchitoyi kumbali, ndipo tizithunzi mukatikweza kamodzi muzitisunga. Kuti launcher izidziwa pulogalamu ikaikidwa kapena ikafufutidwa, lembetsani callback ya LauncherApps, imene ilipo kuyambira pa Android 5.0.

Gawo lolola mwini foni kusintha maonekedwe, limene ndi cholinga chenicheni cha ntchito yonseyi, ndi losavuta kuposa mmene limamvekera. Pangani tsamba limene munthu angasankhirepo chiwerengero cha mizere, kukula kwa tizithunzi ndi mapulogalamu obisidwa, sungani zosankhazo mu DataStore (chosungira data yaing'ono ya pulogalamu), ndipo tsamba loyamba liziziwerenga nthawi iliyonse likamatseguka. Pali anthu amene amagulitsa code ya launcher yomalizidwa kale pa mtengo wooneka wabwino. Imene ndinaionapo inali yodzaza ndi zotsatsa malonda ndiponso inkapempha zilolezo zosagwirizana n'komwe ndi ntchito yake. Ngati mukufuna poonera, werengani Launcher3 ya mu Android Open Source Project, imene ndi yaulere pansi pa laisensi ya Apache 2.0, ndipo ndi pamene launcher ina yotchedwa Lawnchair inamangidwa.

Ma widget, tizigawo ta pa sikirini toonetsa zinthu monga nthawi kapena nyengo, amafuna AppWidgetHost, ndipo ndi ntchito yotopetsa imene ndikulangiza kuti muisiyire kumapeto. Chimodzimodzinso kukoka tizithunzi ndi chala n'kutiika m'mafoda. Kuti muike launcher yanu pa Google Play, mudzalipira madola 25 kamodzi kokha polembetsa, ndipo akaunti yatsopano ya munthu payekha imayenera kuyamba yayesetsa pulogalamuyo ndi gulu la anthu kwa masiku 14 isanaitulutse poyera. Ngati ndi yongogwiritsa ntchito nokha, pangani fayilo ya APK (fayilo yoikira pulogalamu pa Android) yosainidwa, muisamutsire pa foni n'kuiika, koma kiyi yosainirayo muisunge pamalo awiri osiyana, popeza ikatayika simudzathanso kuika mtundu watsopano pamwamba pa wakalewo.