Mmene mungagwirizanirane ndi apongozi anu aakazi osamangokokana

Anthu amangothamangira kunena kuti apongozi ndi ovuta kapena atsikana amasiku ano ndi amwano, koma mukayang'anitsitsa pakati pa azimayi awiriwa pamakhala mwamuna mmodzi, kwa wina ndi mwana amene anamuvutikira kulera, kwa winayo ndi bambo akunyumba, ndiye aliyense amakhala ndi kamantha koti malo ake alandidwa. Mikangano yambiri imaphukira pamenepo.

Inu amene mwakwatiwa kumene, siyani zodutsira mwa amuna anu pa kalikonse. Nambala ya mayi muli nayo eti, imbani nokha olo mphindi ziwiri, "Amayi mwadzuka bwanji, mwendo uja mukupezako bwanji?" basi mwadula. Osati kuwakumbukira tsiku lokhalo lomwe mukufuna akusungireni ana, amaona zimenezo. Muziwafunsanso nzeru pa tinthu toti sitikupwetekani, monga mwana akamavuta kugona, sikuti zonse mutsatira ayi koma munthu wamkulu akafunsidwa mtima umakhala pansi. Zamatenda zokha ndiye tsatirani za adokotala, mayi muwafotokozere mwaulemu.

Koma nkhani zolemera, za ndalama, za kuti abwera liti ndipo akhala masiku angati, zimenezo akanene ndi mwana wawo. Apa azibambo ndi pomwe mumationongera zinthu. Mwakambirana bwinobwino kuchipinda, kukafika kwa mayi mukuti "akazi angatu akana", aaa ndiye mwamuponya mnzanu pamoto, mayi aja sadzaiwala. Nenani kuti "tagwirizana kuti mwezi uno sizitheka", mawu akewo ndi "tagwirizana". Komanso zomwe mayi alankhula atapsa mtima osazitutira kwa mkazi, za mkazi osazitutira kwa mayi, mwamuna wa mtundu umenewu amadanitsa anthu oti akanatha kumamwera limodzi madzi.

Ndalama yothandizira makolo ilowe mu bajeti poyera, mbali zonse ziwiri, kwa mwamuna ndi kwa mkazi. Zotumiza mobisa zija tsiku lina meseji imadzaoneka mufoni ndipo amene amadedwa ndi mayi oti sanalakwe kanthu.

Nanunso amayi, pepani tikuuzeniko pang'ono. Nyumba ya mwana wanu ili ndi mwini wake tsopano, imbani kaye musanabwere, mukafika osayamba kusuntha mapoto mukitchini kapena kupititsa chala pa tebulo kufufuza fumbi, kuchipinda kwawo ndiye osayerekeza. Mwaona cholakwika muitaneni pambali muli awiri, osati pamaso pa ana kapena alendo, ndipo osamuyerekeza ndi mkazi wa mwana wanu wina kapena chibwenzi chakale chija munkachikonda. Funso loti mimba liti lisiyeni kaye, limabaya, komanso kuchedwa kubereka vuto limatha kukhala kwa mwamuna, sikuti nthawi zonse ndi mkazi. Akachita bwino muyamikireni iyeyo akumva, mawu oti "mwana wanga wagwira ntchito" ndi aulere koma amawasunga zaka.

Mukayambana, poti kuyambana kulipo ndithu, foni ikani pansi. Masitetasi ojeda aja pa WhatsApp alamu anu amawajambula nkuwatumiza pa gulupu ya banja mphindi yomweyo kkk, kankhani ka anthu awiri nkukhala ka mtundu wonse. Dikirani mtima uzizire kenako pitani nokha mukapepese pa mbali yanuyo, kaya ndi kukweza mawu kaya kudula foni, osawonjezera zoti "komatu inunso". Ngati mukukhala nyumba imodzi gawanani ntchito momveka, wophika lero adziwike, ndipo tsiku la mnzake winayo asalowerere ngakhale akuona kuti mchere wachepa.